Apongozi Kuseri kwa Chitenje

Joni, 11 Febuluwale 2001

Wokondedwa mlongo wanga Atikonda,

Ndikhulupirira nonse muli bwino ku Chigumulako, iwe, amayi ndi alamu anga a Steven. Ine kuno ndikupuma. Ntchito ya m'dimba la mzungu ija ikadalipo, msana wokha ndiwo wayamba kundikumbutsa kuti sindinenso mnyamata.

Kalatayi ndapatsira a Sumaili, oyendetsa thiraki aja. Akupatsanso kajuzi ka amayi ndi nsapato zako. Zikakuthina usandinene, phazi lako ndinalisiya lili la mtsikana, sindidziwa kuti ukwati walikulitsa bwanji.

Mvula ikamagwa kuno ndimangoona Limbe. Dzulo ndinadutsa pakashopu kena n'kumva makina osokera akulira, ndinaima pamsewu ngati wozerezeka. Ndinaona bambo athu a Vitalis ali pakhonde la sitolo ya a Dinesh, tepi m'khosi, mapini kukamwa, ife tikuchokera kusukulu kudzawavutitsa kuti atigulire chinangwa chootcha. Sitima ikalira kusiteshoni ankatikusa, amvekere, "Thamangani, amayi anu ayamba kale kuyang'ana kumsewu." Kodi khonde lija likadalipo? Akusokerapo ndani? Nanga amayi akadali pamalo awo omwe aja mumsika, pamzere wa nandolo ndi kalongonda? Undiuze zonse, ngakhale zachabechabe. Munthu ukakhala kutali zachabechabezo ndiye zimakoma.

Nanga alamu amaliza liti za uphunzitsi zawozo? Munthu wakhala akuphunzitsa wopanda pepala chiyambire sukulu yaulere, lero akuti abwerere kukoleji akakhale pabenchi. Alimbikire, atenge satifiketiyo, mwina mungatuluke m'nyumba ya lendi.

Amayi uwawerengere pang'onopang'ono, osathamanga monga umachitira iwe ngati ukulengeza maliro pawailesi. Uwauze kuti ndawasowa.

Ndine mchimwene wako,
Paston


Chigumula, 4 Malichi 2001

Okondedwa achimwene,

Tonse tili bwino, tathokoza katundu. Nsapato zakwana ndendende, manyazi akugwireni. Amayi juzi akuivala ngakhale dzuwa likuswa mtengo, akuti anthu aione.

Khonde lilipo. A Dinesh anakalamba, m'sitolo mukukhala mwana wawo. Pamalo pa bambo pali munthu wogulitsa makaseti, phokoso lake simungaime. Ine ndikamadutsapo ndimayang'ana kumbali.

Tsopano khalani pansi ndikuuzeni zimene zagwa kuno. Kukoleji kwa alamu anu kwabwera zachilendo. Akuti kukhoza mayeso kokha sikupanga munthu kukhala mphunzitsi. Aliyense apite kumene amakhala, afunse anthu chimene chikuwasowa, awatumikire kwaulere, ndipo sabata iliyonse azilemba zimene anthuwo amuphunzitsa iyeyo. Aphunzitsi a kukoleji amabwera kudzaona n'kupereka malikisi, ndipo wolephera zimenezi satifiketi saiona. Anzawo ena akukumba zimbudzi pasukulu ina ku Bangwe, ena akudzala mitengo ku Soche, wina akuphunzitsa ana ogulitsa majumbo mumsika wa Limbe. A Steven anazungulira muno m'Chigumula khomo ndi khomo, azimayi n'kuwauza kuti atopa ndi kudinda chala. Basi anatsegula sukulu ya kwacha m'chisakasa cha kutchalitchi, masana.

Tsiku loyamba ndinapita kukawathandiza kunyamula bolodi. Iwo ali kalikiliki kulemba, atafulatira anthu. Potembenuka, maso ndi maso ndi amayi! Akhala kutsogolo kwenikweni, kope latsopano pamwendo, pensulo yosongoka. Achimwene, choko chinagwa. Munthu wamkulu, wa tayi, anatulukira kumbuyo kwa chisakasa n'kukaima m'chimanga cha eni ake. Azimayi anaseka mpaka ena kugona pansi.

Inu mukudziwa mmene zilili. Chikwatirane chathu, a Steven ndi amayi sanayang'ananepo kumaso. Nyumba zathu zayandikana, koma nkhani zawo zimadzera mwa ine kapena kuseri kwa khoma. Akakumana panjira wina amapatukira kumunda. Ndiye ndinawanong'oneza amayi kuti tiyeni kunyumba. Anandiyankha mokweza kuti onse amve: "Ine sindichoka. Mbewa yamanyazi inafera kuuna."

Amene anatipulumutsa ndi a Afisa, anzawo a mumsika aja. Anavula chitenje chapamwamba n'kuchimangirira pansanamira ziwiri za pakona. Amayi analowa kuseri, a Steven anabwerako kuchimanga. Mpaka lero sukulu ikuyenda choncho. Alamu anu amati, "Mayi a kuseri, nenani a," chitenje n'kuyankha, "Aaa!" Kope limatulukira pansi pa nsalu, iwo amachonga atagwada, n'kulikankhiranso komweko.

Ndinawafunsa amayi kuti zonsezi n'zachiyani pa msinkhu wawo. Akuti ndilembe mawu awo osasintha, ndiye nawa:

"Paston, makalata ako onse ndimasunga m'sutikesi ya bambo ako, kuyambira ya chaka chimene unapita. Ndikakusowa ndimawatulutsa n'kuwayala pamphasa, koma salankhula nane mpaka Atikonda apeze nthawi. Akawerenganso ndimamva mawu a Atikonda, osati ako. Ine sukulu sindinaione, ndinakulira panjira, makolo akusamuka kuchokera kwa Apwitikizi. Tsopano maso ayamba kuchita nkhungu. Ndikufuna ndikumve ndekha asanatsekeke."

Amenewo ndi amayi anu. Mutitumizireko mapensulo ofewa ngati aliko, a kuno akungothyoka.

Ndine mlongo wanu,
Atikonda


Chigumula, 22 Epulo 2001

Okondedwa alamu a Paston,

Choyamba landirani moni ndi ulemu wanga. Ife kuno tadzuka bwino, kupatula chimfine chimene chazungulira nyumba zonse. Sitinamve ngati kalata ya mlongo wanu ya mu Malichi inakupezani, choncho mundikhululukire ngati pena ndikubwereza.

Sindinakulembereniko ndi kale lonse. Nkhani ngati iyi ikadadzera kwa amalume anu, koma poti anatisiya, mwini mbumba ndinu.

Lachinayi lapitali kunabwera a Mayi Kalilangwe, aphunzitsi a kukoleji amene amatiyendera. Anakhala kumbuyo n'kumvetsera phunziro lonse, kenako anapempha makope. Atafika pa kope la apongozi anga anandiitanira pambali.

"Bambo Likaka, mayi awa pensulo amaigwira bwanji?"

Ndinati sindidziwa.

"Akasokonezeka mumadziwira chiyani, poti nkhope simuiona?"

Ndinayamba kuwafotokozera za mwambo. Anandidula. "Inenso ndili ndi mkamwini, musandiphunzitse zimenezo. Taonani kope ili."

Alamu, azimayi ena onse ayamba kulemba mayina awo. Kope la apongozi ndi lobookabooka. Mlongo wanu atasuzumira kuseri anapeza kuti pensulo amaifumbata ndi nkhonya yonse ngati mpeni wosendera chinangwa. Masabata onsewa ine ndakhala ndikuchonga zotulukira pansi pa nsalu, osadziwa kuti dzanja lolembalo likuvutika chotani. Mlongo wanu anayesa kuwaongola kunyumba, koma awiriwa mukuwadziwa, phunziro lisanafike pakati anali atakangana kale.

A Mayi Kalilangwe abweranso kumapeto kwa Juni. Anena poyera kuti akadzapeza wophunzira ali kuseri kwa nsalu, ndiye kuti utumiki wanga ndalephera, satifiketi idikire chaka china. Apongozi atamva anatumiza mawu kuti asiya sukulu kuti ine ndikhoze. Ndinakana. Kukhoza kotani kochita kuthamangitsa munthu amene akufunitsitsa kuposa onse?

Ndikuuzeni zoona, alamu. Poyamba utumikiwu ndinkauona ngati chilango, kugwira ntchito yaulere dzuwa lili pamutu. Kusukulu ya ana, kalasi ikadzaza mpaka pakhomo, mwana akamalephera timangoti ndi wogona, n'kupitirira. Apongozi anga sindingawanene kuti ndi ogona. Ndiye ndayamba kudzifunsa kuti mwa ana amene timawatcha ogona aja, ndi angati amene sitinawaonepo dzanja. Zimenezi ndi zomwe ndalemba mu lipoti langa la sabata ino.

Pempho langa ndi ili. Mutilole tichotse nsaluyo, m'kalasi mokha, kuti ndiziwaona nkhope ndi kuwagwira dzanja powaongolera pensulo. Ndikudziwa kulemera kwa zimene ndikupempha, ndipo polemba pano thukuta likutuluka. Mukakana ndimvera, pakuti ine pano ndine wobwera. Koma nsalu ikakhalapo, apongozi sadzawerenga.

Chonde yankho lifike Juni asanathe.

Ine mlamu wanu,
Steven Likaka


Joni, 13 Meyi 2001

Atikonda,

Moni. Ndili bwino, kungoti kalata ya amuna ako yandidwalitsa mutu.

Yako ya mu Malichi ndinailandira. Ndinaseka, ndinkayesa ndi masewera oti atha okha. Lero mkamwini akundilembera ine, kupempha kuti agwire dzanja la amayi anga pamaso pa Chigumula yense? Kodi mwapenga nonse kumeneko?

Iwe unali wamng'ono, mwina sukumbuka. Bambo athu anakhala ndi apongozi awo pabwalo limodzi mpaka imfa, koma sanawaonepo mano. Tsiku lina tikutsikira ku Limbe, makina osokera ali pamutu, anaona agogo akubwera kutsogolo. Analowa nawo m'ngalande makinawo, matope mpaka m'mawondo, n'kudikira mpaka adutse. Palibe anaseka. Anthu ankawalemekeza bambo chifukwa cha zinthu ngati zimenezo, ndipo tsiku la maliro a bambowo, a Dinesh anatseka sitolo n'kubwera kudzakhala pansi ndi ife. Makolo athu anawoloka malire ndi kamtolo pamutu. Munda analibe, ng'ombe analibe, chimene anabwera nacho ndi ulemu basi. Tikautaya umenewo titsala ndi chiyani?

Ngati a kukolejiwo akufuna anthu oti ana awo aziyeserapo uphunzitsi, akapeze ena. Amayi anga si chigamba chophunzirira kusoka. Ndiponso tinene zoona, nkhalamba ya maso ankhungu ikufuna zilembo zachiyani? Idzapita nazo kumanda? Akhale pansi azigulitsa nandolo wawo. Wowawerengera alipo, ndiwe. Kuno anyamata a kwathu akangomva ndiziyenda bwanji, akuti mayi ake a Paston akuimba a e i o u ngati kamwana ka mamina?

Yankho langa ndi ayi. Nsalu isachoke, ndipo amayi asiye sukuluyo. A Steven akapeze nkhalamba za eni ake, zilipo zambiri.

Kalatayi usawawerengere mmene ililimu. Iwe umadziwa kuthira shuga. Ungowauza kuti ndikudera nkhawa maso awo.

Ndapatsira a Sumaili, anyamuka mawa.

Paston


Chigumula, 1 Julayi 2001

Achimwene,

Kodi muli moyo? Ife tili bwino, koma mwatidetsa nkhawa. Ndapita ku Limbe kukafunsa za a Sumaili mpaka oitanira minibasi andidziwa dzina. Akuti thiraki yawo inafera ku Tete, ndipo abwana awo anawauza kuti asaisiye yokha. Ndiye sitikudziwa ngati munayankha kapena kalata ya alamu anu munangoikhalira.

Tinadikira mpaka Juni kufika pakati. A Steven anaonda, kolala ya shati kuchita kulendewera. Tsiku lina amayi anandifunsa kuti tikudikira chiyani. Nditawauza anawomba m'manja. "Mwana ndinabereka ndekha, ndizimudikira kuti andipatse chilolezo chogwira pensulo? Ha!"

Mawa lake anagwira tambala wawo wofiira uja, anamumanga miyendo, ulendo wa kuchisakasa. Anadikira onse akhale pansi. Kenako anatuluka kuseri kuja, anamasula chitenje ndi manja awo, anachipinda bwinobwino n'kubwezera a Afisa. Tambala anamuika pamapazi pa alamu anu. Analankhula maso ali pansi, koma mawu osanjenjemera:

"Akamwini, m'chisakasa muno inu ndinu aphunzitsi, ine ndine mwana wa sukulu. Tikatuluka pakhomo apo ndinu akamwini, ine apongozi, ndipo mukandiona panjira muzithawa monga kale. Tambala uyu ndi wotsukira maso anu."

Kenako a Afisa anaimba nthungululu, ena onse n'kulandira. Ine misozi inali mbwembwembwe, sindikubisirani.

A Steven anagwada pambali pawo kuti awagwire dzanja, koma ankangolikhudza ndi nsonga za zala. Amayi amvekere, "Aphunzitsi, gwirani bwino, si njoka." Alamu anu anawatambasula zala chimodzichimodzi, kuika pensulo pakati pa zitatu. Tsiku lomwelo pepala silinabooke.

Chichokereni nsalu ija amayi akuthamanga ngati akuthawa mvula. Paja zilembo anali atazidziwa kale ndi khutu, chimawatsekereza ndi dzanja. A Mayi Kalilangwe atabwera Lachinayi sanafunse zambiri. Anangopereka choko kwa amayi. Amayi anapita pabolodi, analemba ANGELINA, zilembo zikuluzikulu zotsetsereka ngati msewu wa ku Bangwe. Alamu anu akhoza. Awauzanso kuti akafotokozere anzawo kukoleji mmene zinayendera, ndipo iwo akuti sadziwa kuti akayambira pati. Sukulu ya kwachayo akuti saisiya ngakhale malikisi apatsidwa kale.

Musaganize kuti ulemu watha. Dzulo lomweli anakumana panjira ya kuchigayo. Chimanga anthu anakolola, pobisala palibe, ndiye a Steven anangolowa m'munda woyera n'kuima chofulatira ngati chiopsezo cha mbalame, mpaka apongozi awo anadutsa.

Kuyenda ndi amayi mu Limbe tsopano ndi ntchito. Chikwangwani chilichonse aime, atchule chilembo chimodzichimodzi, anthu akutigunda ndi katundu. Loweruka anaima pakhonde la a Dinesh, pakati pa phokoso la makaseti lija, n'kuwerenga mawu a pamwamba pa chitseko mpaka kumapeto. Atatha anati, "Zaka zonse zija bambo ako ankakhala pansi pa mawu amenewa, ine ndinkayesa ndi maluwa." Tinakwera minibasi kubwerera kunyumba.

Sutikesi sanaitsegule. Akuti akufuna ayambe akhwima kaye, asakakuphonyeni mawu.

Poti mwakhala chete, ife tatenga kuti mwavomera. Ngati mwakwiya lembani tikumveni.

Mlongo wanu,
Atikonda


Joni, 22 Julayi 2001

Atikonda mlongo wanga,

Moni nonse. Kalata yako yandipeza dzulo. Pa nkhani ya khonde la a Dinesh ndinalira, mpaka mzungu wanga anafunsa ngati kwathu kwagwa maliro.

Tamvera bwino. Ine ndinayankha mu Meyi. Kalatayo ili ndi a Sumaili, ndipo ndamva kuti thiraki yakonzedwa, ali panjira. Muli mawu oipa, ndinalemba mutu utatentha. Ndinkayesa ndikuteteza ulemu wa bambo, chonsecho ndimangoopa kusekedwa ndi anyamata a kuno, anthu oti amayi sawadziwa n'komwe. Siya chilichonse, thamangira ku Limbe, ukailande. Uiotche osatsegula. Amayi asaione, ndakugwira mwendo.

A Steven uwauze kuti ndathokoza, ndiponso kuti ndachita manyazi. Munthu anandilembera mwaulemu chotere.

Iyi ndapatsira a Nasoro amene akubwera pa basi kumaliro a mlamu wawo, kuti ifike msanga. Ndaikamo ina ya amayi okha, ya zilembo zikuluzikulu. Ndi yopepesa, ngakhale sadziwa chimene ndikupepesera. Uwapatse m'manja.

Paston


Chigumula, 12 Ogasiti 2001

Achimwene,

Moni. Matupi ali bwino. Mwachedwa.

A Nasoro atangondipatsa kalata yanu ndinasiya zochapa m'beseni n'kukwera minibasi. A Sumaili ndinawapeza akutsitsa katundu kuseri kwa masitolo a ku Limbe. Anandilandira ndi chimwemwe, amvekere, "Aa, kalata ija ndinapereka kale sabata yatha!" Akuti atalowa mumsika azimayi anawauza kuti Mayi Angelina masiku ano akuwerenga. Ndiye anapita pamzere wa nandolo n'kuwapatsa ndi manja awiri. "Mayi, lero simusowanso wokuwerengerani, nayi ya mwana wanu." Musawaimbe mlandu, ankayesa akuchita zabwino.

Apo m'pamene ndinamvetsa zimene ndinkaona. Sabata yonseyo amayi akabwera kumsika ankakhala pakhonde chofulatira, chala chikuyenda papepala, milomo ikugwedera. Ine ndinkayesa ndi za kusukulu. Ndipo kukalasi ankapita ndi mawu amodziamodzi atakopera m'kope, n'kufunsa, "Aphunzitsi, apa ndawerenga bwino?" Tsiku lina anali mawu akuti nkhalamba. Tsiku lina chigamba. Tsiku lina kumanda. A Steven, osadziwa kanthu, ankachonga n'kunena kuti, "Mwakhoza, mayi," kalasi yonse n'kuwaombera m'manja. Nditawaonetsa kalata yanu yobwera ndi a Nasoro ija, alamu anu tsiku limenelo sanadye.

Ndinapita kwa amayi n'kuwauza kuti kalatayo inalembedwa kwa ine, andipatse. Anati, "Dzina la pa envulopu ndi lako, ndaliona. Koma za m'katimo ndi zanga." Kenako anati, "Shuga wako ndathokoza, mwana wanga. Sindimufunanso."

Achimwene, ndakwiya nanu, ndipo sindithira kanthu pamenepa. Munthu wavutika miyezi yonseyi, wanyamula manyazi pamaso pa mkamwini wake, kuti amve mawu a mwana wake. Mawu oyamba kuwamva n'kukhala amenewo! Ndikadakhala pafupi ndikadakukokani khutu, ukulu wanuwo uli apo.

Sukulu sanasiye. Amafika oyamba, amakhala kutsogolo. Yopepesa ija ndinawapatsa m'manja monga munanenera. Anaitembenuza uku ndi uku, anatsegula sutikesi n'kuiika pansi pa makalata ena onse.

Masiku apitawa akhala akulemba yawo. Sanalole kuti ine kapena aphunzitsi awo tione, ndipo amata okha ndi phala. Ndaiika muno. Chimene alemba sindikuchidziwa.

Atikonda


Chigumula, Ogasiti

Paston mwana wanga,

Moni. Ine ndili bwino. Ndalemba ndekha.

Kalata yako ya Meyi ndawerenga ndekha. Yonse. Mawu ena ndinabwereza. Ndinkayesa ndalakwitsa. Aphunzitsi anati ndakhoza.

Ndinalira. Koma ndinakumva. Ndiwe ndithu. Ukakwiya umalankhula ngati bambo ako. Mawu amenewo ndinawasowa.

Wafunsa ngati zilembo ndidzapita nazo kumanda. Inde. Ndi zanga.

Akamwini usawanene. Panjira amandithawa bwino.

Uzilembera ine. Zokoma ndi zowawa zomwe. Zilembo zikhale zazikulu.

Yopepesa yafika. Sindinatsegule. Ndayamba ndi ya chaka chimene unapita. Unalemba kuti kukuzizira. Unalemba kuti ubwera pa Khirisimasi. Ndikuwerenga imodzi imodzi mmene zinabwerera. Ndimachedwa. Maso akalola ndidzafika pa kupepesa kwako.

Udikire.

Ndine mayi ako,
Angelina